Puloteni Yopindika Si Yotaya

[Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.]

Gudumu la njinga likapindika, palibe amene amataya njinga kudzala. Timapita nalo kwa mmisiri wa pansi pa mtengo, ndipo iye, ndi kasipanala kochepa kuposa chala, amamanga sipoko iyi n'kumasula iyo, uku akuzungulitsa gudumulo ndi kuliyang'anitsitsa, mpaka litaleka kukhula mabuleki. Lero tikamba za amisiri ena amene aphunzira ntchito yonga yomweyi m'kati mwa thupi la munthu, pa tinthu tating'ono toti ngakhale maikulosikopu oonera tizilombo ta malungo sangationetse. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiyenda nayo mpaka kumapeto. M'matenda ambiri obadwa nawo, chida chimene chavuta m'thupi chimakhala chilipo ndithu, kungoti chapindika. Chopindika chimawongoleka, ndipo umboni wake ulipo. Koma amachiwongola ndi mmisiri yekhayo amene wachigwira n'kuona pamene chapindikira. Motero amene vuto lake lafufuzidwa ndiye amapeza mankhwala, pamene amene vuto lake silinafufuzidwe amatsala panja.

Tiyambe ndi chidacho. Mawu akuti puloteni ambirife tinawamva kusikelo, azaumoyo akulangiza kuti phala la mwana lizikhala ndi nsinjiro, ndipo ndiwo zizikhala nyemba, mazira kapena usipa. Chakudya chimenecho chikalowa m'mimba chimaphwanyidwa kukhala tizidutswa totchedwa ma amino acid, ta mitundu 20, ndipo thupi limatola tizidutswato n'kumangira mapuloteni akeake. Ganizirani mikanda ya mitundu 20 ikutungidwa pa ulusi umodzi. Dongosolo loti uyambe mkanda uti, utsatire uti, linalembedwa mu DNA, m'zigawo zotchedwa majini. Awa si majini a mizimu ayi, ndi malangizo a chibadwa amene timalandira kwa mayi ndi bambo. Tsono ulusi wa mikandawo ukakhala wotambasuka sugwira ntchito iliyonse. Uyenera kudzipinda ndi kudzikulunga mpaka utatenga maonekedwe ake enieni. Nsungwi zongoyalidwa pabwalo sizipeta mpunga. Zimapeta zikalukidwa kukhala lichero. Chimodzimodzinso puloteni. Ina ikadzipinda imasanduka chonyamulira mpweya m'magazi, ina mpeni wodula mafuta, ina khomo lotulukira mchere pakhoma la selo. Maonekedwe akasokonekera, ntchito nayo yasokonekera.

M'malangizo aja mukalakwika chilembo chimodzi, mkanda umodzi umasinthika kapena kusowa, ndipo zotsatira zake zimasiyana. Nthawi zina puloteni sipangidwa n'komwe. Nthawi zina imapangidwa n'kufika pamalo ake a ntchito, koma ili youma, yosayenda bwino. Ndipo kawirikawiri imapangidwa, koma imadzipinda mochedwa kapena mopotoka pang'ono. Apa m'pamene pagona nkhani. Selo lili ndi oyendera ake okhwima kwambiri. Monga belo lonse la fodya limabwezedwa kuokushoni chifukwa cha masamba ochepa osakanikirana, selo nalo likaona puloteni yopotoka limaigwira isanatuluke m'malo opangira, n'kuiphwanya, pamene ikanaloledwa kudutsa ikanagwirako ntchito. Akatswiri ataona zimenezi anafunsa kuti: kodi sitingapeze kanthu kakang'ono koti kalowe m'mphako ya puloteniyo n'kuichirikiza mpaka itakhazikika? Kanthu kotereko ndiko timati kamolekyulu kakang'ono. Ena mwa mankhwala amenewa ali ndi maatomu osakwana 60, pamene puloteni imene amachirikiza ili ndi maatomu masauzande ambiri. Kuchepa kwawoko ndiyo mphamvu yawo, chifukwa munthu amatha kuwameza ngati mapiritsi, n'kudutsa m'matumbo, kulowa m'magazi mpaka m'kati mwa selo. Mankhwala ambiri amene timawadziwa amagwira ntchito poimitsa puloteni: aspirin amaimitsa puloteni yoyambitsa ululu, ma ARV amaimitsa mapuloteni a kachilombo ka HIV. Kuimitsa n'kosavuta, pakuti ngakhale mwana akhoza kuimitsa njinga polowetsa ndodo m'masipoko. Kuyendetsa chimene chaima ndiye ntchito ya mmisiri.

Umboni waukulu wakuti zimenezi n'zotheka ukuchokera ku matenda a cystic fibrosis, amene amapezeka kwambiri mwa anthu ochokera ku Ulaya. Dokotala wina wamkazi wa ku New York, Dorothy Andersen, ndiye anawalongosola bwino mu 1938. Mu 1948 mzindawo unakanthidwa ndi kutentha koopsa, ndipo Paul di Sant'Agnese anaona kuti ana odwala matendawa ndiwo ankafooka kwambiri. Pofufuza anapeza kuti thukuta lawo lili ndi mchere wochuluka mopitirira. Mpaka lero matendawa amawatsimikizira poyeza mchere wa m'thukuta. Mu 1989 Lap-Chee Tsui ndi John Riordan a ku Toronto, pamodzi ndi Francis Collins wa ku Michigan, anapeza jini yake. Jiniyo imapanga puloteni yotchedwa CFTR, ya mikanda 1,480, imene ndi khomo lodutsira chloride, gawo limodzi la mchere. Kumene mchere wapita madzi amatsatira, ndipo madzi amenewo ndiwo amasungunula tinthu toterera totchinjiriza mapapo ndi matumbo. Khomo likatsekeka, makhololo amauma n'kukhala ngati ulimbo, tizilombo timaswana m'menemo, mapapo amawonongeka chaka ndi chaka, chakudya sichigayika, mwana sanenepa. M'zaka za m'ma 1950, ana ambiri otere ankamwalira asanayambe sukulu.

Jini ya CFTR imalakwika m'njira zoposa 2,000, koma njira imodzi ndiyo yofala koposa. Mwa odwala 10 alionse a ku Ulaya ndi ku America, oposa 8 ali ndi vuto lotchedwa F508del, kutanthauza kuti mkanda wa nambala 508 wasowa. Mkanda umodzi pa mikanda 1,480. Mu 1990 ofufuza anaonetsa kuti puloteni yotere imapangidwa ndithu, koma selo limaiphwanya isanafike pakhoma. Kenaka mu 1992 gulu la Michael Welsh ku Iowa linachita chinthu chosavuta koma chotsegula maso. Linasunga maselo okhala ndi vutoli pamalo ozizirirako, osafika madigiri 30, m'malo mwa madigiri 37 a thupi la munthu. Pozizira puloteniyo inapeza mpata wodzipinda modekha, ina inadutsa oyendera aja, inafika pakhoma la selo, ndipo mchere unayamba kudutsa. Palibe amene angazizire munthu wamoyo mpaka pamenepo, koma phunziro linamveka: chida chimene onse ankachiyesa chakufa chinali chamoyo. Ngati kuzizira kungachichirikize, ndiye kuti mankhwala nawonso angathe.

Kuchoka pa phunziro limenelo kufika pa piritsi panali ulendo wautali. Bungwe la Cystic Fibrosis Foundation, lomwe linayambitsidwa ndi makolo a ana odwala, linaika ndalama zake mu kampani ya Aurora Biosciences ku San Diego, imene kampani ya Vertex inaigula mu 2001. Kumeneko anayesa mamolekyulu oposa 200,000, limodzilimodzi, pa maselo amoyo, kufunafuna ochepa amene angayendetse mchere. Oyamba kupambana anali mankhwala a ivacaftor, amene anavomerezedwa ku America mu 2012. Awa anathandiza kagulu kochepa, odwala 4 kapena 5 pa 100 alionse, amene ali ndi vuto lotchedwa G551D. Mwa iwo puloteni imafika pakhoma bwinobwino, koma chitseko chake n'chothina, ndipo ivacaftor amachigwira kuti chizikhala chotseguka nthawi yaitali. Pa kafukufuku, mphamvu ya mapapo awo, imene imayezedwa ndi mpweya umene munthu angauzire kunja m'sekondi imodzi, inakwera ndi mapointi oposa 10 pa 100, ndipo mchere wa m'thukuta unatsika pafupifupi ndi theka. Aka kanali koyamba kuti mankhwala a matendawa afike pagwero, m'malo molimbana ndi makhololo ndi tizilombo tokha.

Vuto la F508del linali louma mutu chifukwa lili pawiri: puloteni sifika pakhoma, ndipo ikafika chitseko chake n'chothina. Mu 2015 anaphatikiza ivacaftor ndi mankhwala ochirikiza amodzi, lumacaftor, koma mapapo anangokwera ndi mapointi ngati 3, ndipo ambiri anati njirayi yafika pamapeto. Yankho linali lodziwika kwa mlimi aliyense wa nthochi: mkoko ukalemera kwambiri, mphanda imodzi sikwanira, umafunika ina yochirikiza mbali ina. Ofufuza anapeza elexacaftor, amene amagwira puloteniyo pamalo osiyana ndi pamene amagwira mankhwala ena ochirikiza otchedwa tezacaftor, ndipo awiriwa, pamodzi ndi ivacaftor wotsegula chitseko, anapanga mankhwala otchedwa Trikafta, ovomerezedwa mu October 2019. Pa kafukufuku wa odwala 403, mphamvu ya mapapo inakwera ndi mapointi pafupifupi 14, ndipo kudwalika kwa m'chifuwa kofuna thandizo lapadera kunachepa ndi 63 pa 100. Kuyambira 1989 mpaka 2019 ndi zaka 30 zathunthu. Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

[Nyimbo yaifupi.]

Wina anganene kuti imeneyi inali mphumi chabe ya matenda amodzi. Ayi, njirayi yagwiranso ntchito kwina. Chiwindi chimapanga puloteni yotchedwa transthyretin, imene imayenda m'magazi ili yomangana zigawo zinayi. Mwa anthu ena zigawozo zimamasuka, kupotoka, n'kuunjikana m'mitsempha ndi mumtima. Corino de Andrade analongosola matendawa mu 1952 m'mabanja a kumpoto kwa Portugal. Jeffery Kelly wa ku Scripps ku California anapanga tafamidis, kamolekyulu kolowa pakati pa zigawozo n'kuzimanga pamodzi ngati luzi. Pa kafukufuku wa 2018 wa odwala mtima 441, m'miyezi 30 anamwalira pafupifupi 30 pa 100 mwa omwa mankhwalawa, poyerekeza ndi 43 pa 100 mwa omwa mapiritsi opanda mankhwala. Palinso matenda a Fabry, m'mene puloteni yodula mtundu wina wa mafuta imapindika molakwika, mafutawo n'kuunjikana mu impso ndi mumtima. Mankhwala ake, migalastat, ndi odabwitsa, chifukwa mwachibadwa amatseka pakamwa pa puloteniyo. Koma potseka pamenepo amaisunga m'maonekedwe ake mpaka itafika pamalo a ntchito, ndipo kumeneko amaisiya. N'chifukwa chake wodwala amamwa lero, mawa n'kupuma, kuti puloteniyo ipeze mpata wogwira ntchito. Ku Ulaya anavomerezedwa mu 2016, ku America mu 2018. Matenda atatu, mapuloteni atatu osiyana, nzeru imodzi.

Tsopano timve otsutsa, pakuti ali ndi mfundo zolemera. Oyamba akuti: mankhwalawa sachiza. Jini imakhala yolakwikabe, wodwala ayenera kumwa moyo wake wonse, ndipo akasiya matenda amabwerera. Bwanji osangokonza jini yeniyeniyo? N'zoona kuti kukonza majini kwayamba kutheka. Chakumapeto kwa 2023, Britain ndi America anavomereza Casgevy, thandizo losintha majini a odwala sickle cell. Koma taonani zimene limafuna. Maselo a m'mafuta a m'mafupa amachotsedwa n'kutumizidwa kulabu, wodwala amapatsidwa mankhwala aukali ngati a khansa opha maselo akale, amagona m'chipatala chapadera masabata angapo, ndipo mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Piritsi lilibe zonsezi. Limakwera galimoto kapena njinga yamoto kupita kuchipatala cha kumudzi, silifuna opaleshoni, ndipo likavulaza munthu amalisiya. Ife tisakhale otsiriza kumvetsa zimenezi. Ma ARV sachotsa HIV m'thupi, komabe chiyambireni kugawidwa ulele m'Malawi mu 2004, makolo amene tikanawaika m'manda alera ana awo mpaka kuona adzukulu. Mankhwala osachiza koma osunga moyo si chinthu chopepuka.

Otsutsa achiwiri akuti njirayi yalepherapo, ndipo anthu avulala nayo. Apa sitiyenera kubisa kanthu. Puloteni ya p53, mlonda amene amaletsa selo kusanduka khansa, imapezeka yolakwika pafupifupi mu theka la khansa zonse, ndipo akatswiri ayesa kwa zaka zambiri kuiwongola. Mankhwala a eprenetapopt, amene ambiri ankawadalira, sanakwaniritse cholinga pa kafukufuku wamkulu mu 2020. Koma nkhani yotikhudza kwambiri ndi ya sickle cell. Mu 1956 ndi 1957 Vernon Ingram ku Cambridge anaonetsa kuti matendawa amayamba ndi mkanda umodzi wosinthika, wa nambala 6, mu puloteni yonyamula mpweya m'magazi yotchedwa haemoglobin. Puloteni yotere ikatula okosijeni imamatirana ndi inzake n'kupanga timitengo touma, selo lofiira limapindika ngati zenga lomwetera udzu, limatseka timitsempha, ndipo mwana amalira ndi ululu wa m'mafupa. Mankhwala a voxelotor anapangidwa kuti azigwira haemoglobin isamatirane. Anavomerezedwa mofulumira ku America mu 2019 chifukwa magazi anakwera mwa pafupifupi theka la omwa. Koma mu September 2024 kampani ya Pfizer inawachotsa pamsika padziko lonse, zitaoneka kuti ululu woopsa uja sunachepe monga ankayembekezera, ndiponso kuti m'kafukufuku wa ana, amene ankachitikanso m'maiko a mu Africa muno, omwalira anachuluka pakati pa omwa mankhwalawa kuposa pakati pa osamwa. Pa zina mwa imfazo panatchulidwa malungo.

Kodi zimenezi zagwetsa mfundo yathu? Ine ndikuti zaithwetsa. Akatswiri ena anali atachenjeza kale kuti voxelotor amaletsa kumatirana pochititsa haemoglobin kukakamira okosijeni, pamene ntchito ya haemoglobin si kunyamula kokha, ndi kutulanso. Wonyamula katundu amene safuna kutula sanathandize mwini katundu. Nambala ya magazi inakongola papepala, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yerekezani ndi tafamidis, amene anayesedwa powerenga anthu otsala ndi moyo, kapena Trikafta, amene anayesedwa ndi mpweya wa m'mapapo ndi masiku a kudwalika. Phunziro ndi lakuti puloteni tinganene kuti yakonzeka pokhapokha munthu mwini wake akupeza bwino: akupuma, akugona osalira, akupita kusukulu. Phunziro lina ndi lakuti mankhwala ayenera kuyesedwa kumene odwala ake amakhala. Mwana wa sickle cell wa ku Chicago sakumana ndi malungo, pamene wa ku Kisumu, ku Chipata kapena ku Mangochi amakumana nawo dzinja lililonse. Thupi limene mankhwala akulowamo lili ndi dziko lake, ndipo kafukufuku wosawerengera dzikolo sanathe.

Otsutsa achitatu akuti mankhwalawa ndi osankha: amathandiza okhawo amene vuto lawo likugwirizana nawo. Izi n'zoona kotheratu, ndipo ndiwo mtima wa nkhani yathu. Migalastat amathandiza osapitirira theka la odwala Fabry. Pafupifupi wodwala cystic fibrosis mmodzi pa 10 alionse sathandizidwa ndi Trikafta, makamaka amene thupi lawo silipanga puloteni ya CFTR n'komwe, pakuti mmisiri sangawongole gudumu limene palibe. Tsono mvetserani ichi. Cystic fibrosis iliponso mwa anthu akuda, ndipo vuto la jini limene lapezeka kawirikawiri mwa odwala akuda a ku South Africa, lotchedwa 3120+1G>A, lili m'gulu lomweli losapanga puloteni yoti n'kuwongola. Komanso mwana wotsokomola kosalekeza ndi wosanenepa, kuno amaganiziridwa msanga za TB kapena kunyentchera, ndipo makina oyezera thukuta ndi osowa, moti ambiri sadziwika n'komwe. Pa kafukufuku wamkulu wa majini padziko lonse, anthu ochokera ku Africa sakwana 3 pa 100 alionse oyezedwa, chonsecho Africa ndiye ali ndi majini osiyanasiyana kuposa dera lina lililonse, poti kuno n'kumene mtundu wa anthu unayambira. Mankhwala a F508del alipo chifukwa vutolo linafufuzidwa zaka 30 ndi anthu amene ana awo ankafa nalo. Kusankha kwa mankhwalawa kukutiuza kuti mavuto a majini athu nawonso ayenera kuwerengedwa, kutchulidwa maina ndi kuyesedwa m'malabu. Ntchito ya H3Africa, imene inayamba mu 2010 pofuna kuti asayansi a mu Africa azifufuza majini a anthu a kwawo, inali phazi loyamba panjira imeneyo.

Otsutsa omaliza ndiwo ndimawamvera chifundo koposa. Akuti: tikambiranji za mankhwala a madola oposa 300,000 pachaka, umene ndi mtengo wa Trikafta ku America, pamene chipatala cha kwathu chimasowa ngakhale mankhwala a malungo? Ndiyankha pawiri. Choyamba, mtengo umenewo suchokera ku kuvuta kwa kapangidwe. Ofufuza amene anawerengera mu 2022 anapeza kuti mankhwalawa angapangidwe ndi ndalama zosakwana madola 6,000 pa munthu pachaka. Ku Argentina kampani ya kumeneko imapanga ofanana nawo motsikirapo kwambiri, ku South Africa odwala anatengera nkhaniyi kukhoti mu 2023, ndipo mu 2025 bungwe la World Health Organization linawaika pamndandanda wa mankhwala ofunikira. Kamolekyulu kakang'ono kali ndi ubwino uwu, kuti fakitale iliyonse yodziwa ntchito ingakapange. Mu 2000 ma ARV anali pa madola oposa 10,000 pachaka, ndipo ambiri ankati si a Africa. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inawatsitsa kufika pa madola 350, ndipo lero sakwana madola 100. Mtengo umaikidwa ndi anthu, ndipo anthu akaumirizidwa amausintha.

Yankho lachiwiri ndi lakuti kuyang'ana kutsogolo sikutichotsera udindo wa lero. Mu 2021 padziko lonse panabadwa ana oposa 500,000 odwala sickle cell, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 alionse anabadwira ku Africa kuno, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Zowathandiza zilipo kale ndipo n'zotsika mtengo: kuyeza magazi mwana akangobadwa, penicillin wa tsiku ndi tsiku, katemera, kugona m'masikito, ndi hydroxyurea. Hydroxyurea nawonso ndi kamolekyulu kakang'ono, ngakhale sawongola haemoglobin yolakwikayo. Amadzutsa haemoglobin ina imene mwana ankagwiritsa ntchito ali m'mimba, imene simatirana. Kafukufuku wa REACH, wa ana oposa 600 a ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda, anaonetsa mu 2019 kuti mankhwalawa amachepetsa ululu, kuikidwa magazi, malungo ndi imfa. Ndipo taonani mmene zinthu ziwirizi zimalukirana. Chipatala chimene chimayeza makanda, kulemba maina a odwala m'kaundula ndi kuwatsatira chaka ndi chaka, ndicho chimapulumutsa ana lero, ndiponso ndicho chokha chimene mawa chingayese mankhwala atsopano moona mtima n'kuona msanga ngati akuvulaza. Kusamala odwala a lero ndiko kukonzera malo mankhwala a mawa.

Omvera, pali china chimene sayansi imeneyi ikubweretsa ngakhale piritsi lisanafike pakhomo pathu. Mwana wa sickle cell akatupa manja ndi mapazi, maso achita chikasu, akulira usiku wonse, mabanja ena amaloza chala agogo kuti alodza, ena amathamangitsa mkazi kuti wabweretsa tsoka. Koma gwero lake ndi mkanda umodzi pa ulusi wa mikanda 146. Mwana amadwala pokhapokha walandira jiniyo kwa mayi ndi kwa bambo omwe, ndipo makolo onse awiri akakhala onyamula, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Palibe wolakwa, palibe wolodzedwa. Mukaona zizindikiro zimenezi pitani naye kuchipatala akayezedwe magazi, ndipo chenjerani ndi aliyense wogulitsa zitsamba kapena timabotolo akunena kuti akonza majini. Mankhwala enieni tawatchula lero ali ndi dzina la puloteni imene amagwira, malo amene amagwirapo, ndi chiwerengero cha anthu amene anayesedwa nawo. Wopanda zitatuzi asakudyereni ndalama.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mukulimbana ndi kemisitiri ndi bayoloje kusekondale kapena kukoleji, mawu anga otsiriza ndi anu. Ana a cystic fibrosis amene kale sankafika sitandade 1, lero ambiri akukwatira ndi kulera ana awo, chifukwa anthu ena anakana kunena kuti chida chopindika n'chotaya, ndipo anakhala nacho pansi zaka 30 mpaka ataona pamene chapindikira. Mapuloteni opindika a ana athu akudikira amisiri otero. Ena mwa mavuto a majini athu sanapatsidwebe ngakhale dzina, ndipo munthu wakutali sadzawaona msanga ngati mmene angawaonere amene amakumana ndi odwalawo pamzere wa kuchipatala m'mawa uliwonse. Mmisiri wa pansi pa mtengo uja amawongola gudumu limene lafika m'manja mwake. Lathu lifikitseni, ndipo ena a inu mukhale manja olilandira.

[Nyimbo yotsekera.]